Mmene mungatchunire kapampu ka mafunde m'thanki yaikulu ya nsomba

Tsiku limene ndinalumikiza kapampu ka mafunde m'thanki yanga koyamba ndinakolopa pabalaza kawiri. Kapampuko anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, ndipo pakatoni pake analembapo kuti kamakankha malita 8,000 pa ola. Ine mtima uli dyokodyoko ndinangokamatika pagalasi n'kupotokola kabatani mpaka kumapeto. Pasanathe mphindi zisanu mchenga unali utaunjikana mbali imodzi ngati mzere wa mbatata, mwala wina utapendekeka, nsomba zonse zitapanikizana pakona, madzi akukhavukira pasimenti. Mayi a kunyumba anangoima pakhomo la kukhitchini, manja m'chiuno: "Abambo, nyanja ija mwaganiza zoisamutsira m'nyumba muno?"

Thanki yangayo ndi ya masentimita 180 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kupita m'mwamba, ndipo ndimasungamo mbuna kuno ku Matawale. Malangizo awa ndi a mathanki a msinkhu wotere, kuyambira masentimita 120 kupita m'tsogolo. Kathanki kakang'ono ka patebulo sikafuna zonsezi, fyuluta yosefa madzi yokha imakwana.

M'thanki yaitali fyuluta siifika paliponse. Madzi amayenda bwino pafupi ndi paipi yotulutsira, koma kuseri kwa miyala ndi kumakona amangoti duu. Kumeneko n'kumene kumadikha ndowe za nsomba ndi zotsala za chakudya, n'kumawola, kenako mumangoona ndere zikuchuluka ndi nsomba zikuyasamula pamwamba. Ntchito ya kapampu ka mafunde, kamene pamakatoni amalemba kuti wavemaker, ndi kuthetsa malo oterewa. Si kupanga namondwe ayi. Amene anasambirapo pamiyala ya ku Cape Maclear nthawi ya mwera akudziwa mmene madzi amakukankhirani kutsogolo n'kukubwezani, koma mukasuzumira m'mapanga mumapeza mbuna zili phee, zikupuma. M'thanki namonso tikufuna zonse ziwiri: madzi oyenda ndi pobisala.

Yambani ndi masamu, musanagwire kapampu

Yezani m'kati mwa thanki, osati kunja, ndipo kuya muyeze pamene madzi akulekezera. Chulukitsani nambala zitatuzo n'kugawa ndi 1,000. Kwa ine ndi 180 kuchulukitsa ndi 60 kuchulukitsa ndi 55, zimene zikupereka malita 594. Mukachotsera malo a miyala ndi mchenga, madzi enieni ndi malita 500 kapena kupitirirako pang'ono.

Osunga mbuna ambiri amafuna kuti madzi onse a m'thanki azizungulira maulendo 8 mpaka 10 pa ola, kuphatikiza fyuluta ndi kapampu. Kwa ine ndiye kuti malita 4,000 mpaka 5,000 pa ola. Fyuluta yanga analemba 1,500, koma nambala imeneyo ndi ya fyuluta yopanda kanthu m'kati. Ikadzaza masiponji n'kuyamba kuda ndimangoiwerengera 1,000. Ntchito yotsalira kapampu ndi malita 3,000 mpaka 4,000, kutanthauza kuti ka 8,000 kaja kanayenera kuyenda pa theka la mphamvu zake kapena kucheperapo. Kugula kokulirapo n'kumakayendetsa pang'onopang'ono si kulakwitsa, chifukwa sikasokosa ndipo kamakhalitsa. Kulakwitsa kwanga kunali kukatsegula konse.

Chenjerani ndi mavidiyo a pa YouTube. Ambiri mwa iwo ndi a anthu osunga matanthwe amoyo a m'nyanja zamchere, amene amazunguliza madzi maulendo 20, ena mpaka 50 pa ola. Nsomba za m'nyanja yathu sizifuna zimenezo. Ndipo ngakhale pakati pa nsomba za m'nyanja ya Malawi pali kusiyana. Mbuna za mtundu wa Labeotropheus, zamphuno yogwera pakamwa zija, zimakhala pamwamba pomwe mafunde amamenya miyala, zikupala ndere, ndipo madzi amphamvu siziwaopa. Koma za mtundu wa Aulonocara zimakhala pansi pomwe miyala imakumana ndi mchenga, zili ndee pamwamba pa mchengawo kumvetsera tizilombo tikuyenda m'kati mwake. Zimenezi, pamodzi ndi utaka, muzipatse maulendo 5 kapena 6 basi. Ngati muli ndi nsomba zazipsepse zazitali zolendewera ngati goldfish zamichira ya nsalu zija, kapampu kasiyeni m'katoni.

Dziwaninso mtundu wa kapampu kanu. Pali tina tongolowetsa pasoketi n'kuyamba kuzungulira liwiro limodzi, monga tambiri ta kampani ya Sunsun. Timeneti timatchunidwa ndi malo ndi kumene taloza basi, ndipo musatiike pa chida choyatsa n'kuzimitsa pafupipafupi, chifukwa nthawi zina timadzuka mobwerera m'mbuyo n'kumagogoda mpaka kuthyola kamtengo kapakati kamene timapiko tokankha madzi timazungulirapo. Pali tina ta mavoti 24 tobwera ndi kabokosi ka mabatani, monga ta Jebao. Zambiri zimene ndikunena pano za liwiro ndi mafunde ndi za mtundu wachiwiriwu.

Fufuzani kaye pamene madzi agona

Musanaike chilichonse, patulani masiku awiri oyang'ana thanki mmene ilili. M'mawa, musanadyetse, tengani tochi muunike pansi, kuseri kwa miyala ndi m'makona onse anayi. Pamene pali timilu ta ndowe, pamenepo madzi sayenda. Jambulani thanki papepala, mulembe timitanda pa malo amenewo.

Njira ina imene ndimaikonda ndi ya ulusi. Mangani kaulusi koyera ka masentimita 5 kunsonga kwa kamtengo kansungwi kochapa bwino, muzikalowetsa malo osiyanasiyana. Pamene madzi akuyenda ulusi umagona n'kuloza kumene akupita. Pamene agona umangolendewera. Kamtengo kameneka kasungeni, mudzakagwiritsanso ntchito kambirimbiri.

Mukatha, popani zinyalala zonsezo ndi paipi n'kusintha madzi pang'ono. Mukapanda kutero, kapampu kadzavundula uve wa miyezi ingapo nthawi imodzi, thanki n'kuoneka ngati Likangala mvula itagwa kuphiri.

Chomaliza pa gawo ili ndi miyala. Mwala uliwonse wapansi ukhale pagalasi lapansi penipeni kapena pa kapulasitiki koyala, mchenga uzibwera pambuyo kuuzungulira. Mwala wokhala pamwamba pa mchenga ndi msampha: mbuna zimakumba kale mwachibadwa, ndiye madzi akawonjezera kukokolola, tsiku lina udzagwera pagalasi lakutsogolo. Gwedezani mulu uliwonse ndi dzanja. Ukasuntha, panganinso.

Pomatika kapampu

Zimitsani pasoketi chilichonse cholowa m'madzi musanalowetse mkono. Hita yotenthetsa madzi ikasweka siichenjeza.

Kapampu kamatikeni pagalasi la m'mbali, lalifupi lija, kuti kazikankha madzi motsata litali la thanki. Katsike masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pamwamba pa madzi, ndipo kaloze m'mwamba pang'ono chabe, moti mphamvu yake izikakhudza pamwamba cha pakati pa thanki. Kakakwera kwambiri kamapanga kamvuluvulu n'kumameza mpweya, mumangomva kuti fyoo, timathovu tili mbwee. Kakatsika kwambiri kamakumba mchenga.

Tsopano ganizirani ulendo wonse wa madziwo, osati pongoyambira. Akachoka pa kapampu amayenda chapamwamba mpaka kugalasi la tsidya linalo, amatsika, kenako amabwerera chapansi atanyamula zinyalala. Choncho paipi yoyamwa ya fyuluta ikhale mbali yomweyo kuli kapampu, koma pansi, kuti zimene madzi atola panjira azikatula pakamwa pake. Paipi yotulutsa madzi a fyuluta nayo iloze kumene kapampu kaloza. Ine kwa miyezi ingapo ziwirizi zinkayang'anizana ngati atambala, ndipo pakati pa thanki pomwe mphamvu zawo zinkathera panali mulu wa ndowe umene sindinkaumvetsa.

Maginito omatira kapampu pagalasi ndi amphamvu kuposa mmene amaonekera. Musawasiye kuti adziwombe okha pagalasi. Ikani lakunja patali pang'ono n'kulitsetsereza mpaka ligwirane ndi lam'kati. Onetsetsani kuti pakati palibe kamchenga ngakhale kamodzi, chifukwa mukamasuntha kamalemba mzere pagalasi umene sudzafufutika. Onaninso pakatoni kuti maginitowo amagwira galasi lochindikala bwanji, poti thanki ya msinkhu uwu imakhala ndi galasi la mamilimita 10 kapena 12.

Waya asapite molunjika kusoketi. Mulekeni atsike kaye pansi kupitirira soketiyo kenako akwere, kuti dontho lotsetsereka ndi waya lizigwera pansi. Kabokosi ka mabatani sikagwirizana ndi madzi. Kakhomereni m'mbali mwa kabati, pamwamba, pomwe ana aang'ono safikira. Mdzukulu wanga anakapeza tsiku lina n'kuganiza kuti ndi rimoti ya TV.

Sabata yoyamba: liwiro limodzi, lotsika

Apa m'pamene ambiri timalephera, chifukwa mabatani ndi ambiri ndipo onse timafuna kuwayesa usiku womwewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankhani kayendedwe kosasinthasintha, kongokankha mosalekeza, ndipo muyambe pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Khalani pampando muyang'ane kwa theka la ola.

Yang'anani zinthu zitatu. Pamwamba pa madzi pazioneka timizere toyenda kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, popanda kudumpha kapena kulira. Kamafuta koyandama kamene kamakonda kuyala pamwamba pa thanki kazisweka. Mchenga usamanyamuke, timbewu tingapo tikagubuduka si vuto, koma mukaona dzenje likuyamba kutsidya komwe madzi akutsikira, kwezani mphuno ya kapampu pang'ono kapena chepetsani liwiro. Ndiye nsomba. Mphindi zoyambirira zimathawa, zimenezo musadabwe nazo. Pakatha ola ziyenera kubwerera m'malo mwake. Nsomba yosangalala imalowa mumkokomo mwadala, kusewera pang'ono, n'kutulukamo ikafuna. Nsomba yovutika imapinda zipsepse, imakupiza mchira mosalekeza koma osasuntha, kapena imakakamira kuseri kwa hita tsiku lonse. Mukaona zonse zaloza mbali imodzi ngati matemba okwera mtsinje, mwawonjeza.

Mawa lake tengani kamtengo ka ulusi kaja ndi pepala la timitanda, muyese malo onse aja. Ngati ena akadagona, sinthani chinthu chimodzi chokha: mwina kukweza liwiro ndi sitepe imodzi, mwina kupotoza mphuno pang'ono, mwina kusendeza kapampu masentimita 5 chakumbuyo. Chimodzi, kenako dikirani tsiku lathunthu. Mukasintha zitatu nthawi imodzi zinthu n'kukhala bwino, simudziwa chimene chathandiza, ndipo zikadzasokonekera mulibe pobwerera. Ndimalemba zonse m'kabuku kamene kamakhala m'kabati momwemo, ndipo pagalasi ndinamata kaselotepi posonyeza pamene maginito amakhala.

Nthawi zambiri malo ogona otsiriza samvera kapampu, amamvera mwala. Kusendeza mwala umodzi kuti pakati pa mulu ndi galasi lakumbuyo pakhale mpata wa zala zitatu kumathetsa zimene liwiro silikanathetsa.

Funde lenileni

Madzi akayamba kuyenda bwino ndi liwiro limodzi, mutha kuyamba kusewera ndi mafunde. Aliyense amene anasenzapo ndowa kuchokera kumjigo akudziwa nkhaniyi. Madzi a mundowa ali ndi kagwedezeke kawokawo, ndipo mapazi anu akangogwirizana nako, amayamba kukhavuka ngakhale mukuyenda bwinobwino. Mukasintha mayendedwe amadekha. N'chifukwa chake amayi amaponyamo masamba pamwamba. Thanki nayo ndi ndowa yaikulu. Ili ndi nthawi yake imene madzi amatenga kuti apite uko n'kubwerera, ndipo nthawi imeneyi imadalira makamaka kutalika kwa thanki ndi kuya kwa madzi. Kapampu kakamakankha n'kuleka, kukankha n'kuleka, mogwirizana ndi nthawi imeneyo, kamphamvu kochepa kamadzutsa funde lalikulu. Kakaphonya, ngakhale kakankhe chotani, madzi amangosokonezeka.

Nthawiyo mutha kuipeza nokha. Zimitsani kapampu ndi fyuluta, madzi adekhe. Lowetsani mbale yapulasitiki kumapeto kwa thanki, mukankhe madzi pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, muchotse mbaleyo. Yang'anani pagalasi la m'mbali pomwe madzi akukwera n'kutsika. Yatsani wotchi ya pafoni madzi akafika pamwamba, muwerenge maulendo khumi, muimitse, mugawe ndi 10. Kwa ine maulendo khumi amatenga masekondi 17 kapena 18, ndiye funde limodzi ndi pafupifupi sekondi 1.8. Thanki ya masentimita 150 yokhala ndi madzi akuya 50 imakhala cha pa 1.6, ndipo ya 120 yokhala ndi madzi akuya 45 cha pa 1.4. Miyala yambiri imasinthako nambalazi pang'ono, choncho khulupirirani wotchi yanu.

Tsopano sankhani kayendedwe ka mafunde pakabokosi. Timabokosi tina timaonetsa nambala, koma tambiri tili ndi kabatani kopotokola kapena kodina kopanda masekondi. Ngati ndi choncho, mverani ndi khutu: kulira kwa kapampu kukwera n'kutsika kuzigwirizana ndi nambala mwapeza ija. Matani kaselotepi pagalasi lakutsidya pa mzere wa madzi. Yambani ndi kugunda kochedwerapo, muzifulumizitsa pang'onopang'ono, ndipo mukasintha dikirani mphindi yathunthu, chifukwa funde limatenga kanthawi kuti likule. Mudzaona madzi akuyamba kupuma, kukwera pamwamba pa selotepi n'kutsika pansi pake. Mukapitirira, fundelo limafa. Bwererani sitepe imodzi, mwapapeza.

Mukapapeza, kukula kwa funde kuchepetseni ndi batani la mphamvu, osati la nthawi. Sentimita imodzi kapena awiri kumapeto kwa thanki ndi okwana, ndipo pakati pa madzi ndi mlomo wa galasi pakhale mpata wa masentimita 5.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Funde lotere ndi lokongola, alendo amaima n'kujambula, ndere za pamiyala zimagwedezeka ngati m'nyanja. Koma ndi madzi oposa theka la tani akukankha magalasi a m'mbali kamodzi pa masekondi awiri alionse, usana ndi usiku, ndipo chogwira magalasiwo ndi silikoni basi. Mathanki ambiri amene tili nawo kuno ndi omatidwa ndi amisiri a magalasi a mawindo, ena opanda ngakhale zomangira zapamwamba. Ngati thanki yanu ndi yakale, silikoni wake akuoneka timathovu kapena akusupuka m'makona, kapena choikapo chake chimagwedera mukachikankha ndi bondo, funde ili lisiyeni. Ine ndimalidzutsa Loweruka masana kwa ola limodzi kapena awiri ndili pomwepo. Masiku ena onse ndimachoka dala pa nambala imeneyo.

Chimene chimathandiza nsomba tsiku ndi tsiku ndi kayendedwe kosinthasintha, kamene kapampu kamakwera n'kutsika mosatsata ndondomeko, kapena kugunda kwapang'onopang'ono kwa masekondi 5 mpaka 10. Madzi oyenda njira imodzi mosasintha amapanganso malo ake ogona kuseri kwa mwala uliwonse. Akamasinthasintha, zinyalala sizipeza pokhazikika.

Kumbukiraninso kuti kuya kwa madzi kukasintha, nthawi ya funde imasinthanso. Mwezi wa Okutobala madzi amauma msanga, ndipo funde limene munalitchuna bwino limatha kuzimiririka kapena kukula palokha. Musathamangire mabatani, thirani kaye madzi afike pa selotepi.

Ngati muli ndi tiwiri

Pa thanki ya masentimita 180 kapena kuposa, timapampu tiwiri tapakatikati timaposa kamodzi kakakulu. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kutiika kumapeto onse awiri moyang'anizana, kena kakamakankha kena kakupuma. Timabokosi tambiri timalola kuti kamodzi kazilamula kanzake. Onetsetsani kuti mwasankha kusinthana, osati kukankhira limodzi, apo ayi mudzabwereza za atambala anga aja. Yachiwiri, imene ndimaikonda pa mbuna, ndi kusiya koyamba pamwamba monga tafotokozera, kachiwiri n'kukaika tsidya linalo, chapakati pa kuya, kuseri kwa miyala, kakukankha madzi obwerera kulowera ku paipi yoyamwa. Kachiwirika kaziyenda motsika kwambiri. Ntchito yake ndi kusesa kuseri, ngati tsache lolowa pansi pa bedi.

Podyetsa, usiku, ndi ana

Pakabokosi pamakhala batani lolembedwa Feed. Mukalidina kapampu kamaima kwa mphindi 10 n'kudzuka kokha. Lizolowereni. Chakudya chothiridwa madzi akuthamanga chimathera m'mapanga ndi mufyuluta, ndipo nsomba zamantha sizipeza kanthu. Musazimitse pasoketi podyetsa, chifukwa tsiku lina mudzaiwala kuyatsa.

Usiku chepetsani, koma musazimitse. Mdima ukagwa, ndere ndi zomera zimasiya kutulutsa okosijeni n'kuyamba kupikisana ndi nsomba, choncho m'bandakucha ndi nthawi imene mpweya umachepa kwambiri m'madzi. Okosijeni amalowa m'thanki kudzera pamwamba pomwe madzi akugwedezeka, ndiye pamenepo pasaime. Timabokosi tina tili ndi kadiso koona kuwala kamene kamachepetsa liwiro kukada. Pabalaza pomwe anthu amaonera mpira mpaka 11 koloko kadisoka kamasokonezeka, ndipo mukakabisa m'kabati kamaganiza kuti ndi usiku nthawi zonse. Ngati kapampu kanu kakuoneka kaulesi masana, yambani mwayang'ana pamenepo.

Mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu, osadya. Nthawi imeneyi imafuna phanga lodekha, ndiye onetsetsani kuti pakona imodzi yapansi madzi akungoyenda mwaulemu. Ikatsala pang'ono kulavula ana, vekani kapampu kasiponji kamabowo akuluakulu kapena kachidutswa ka neti yatsopano yosanyikidwa m'mankhwala. Neti ya udzudzu ya mankhwala isayandikire thanki ngakhale pang'ono, imapha nsomba. Chovekacho chimachepetsa mphamvu ndipo chimada msanga, choncho muzichichapa pakapita masiku awiri kapena atatu.

Nyengo za kuno kwathu

Nsomba za m'nyanja ya Malawi zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 27. Juni ndi Julayi wa ku Zomba, chiperoni chikatsika m'phiri, pabalaza pamazizira kuposa pamenepo, makamaka kwa anzathu okhala chakumtunda kufupi ndi Mulunguzi. Ikani hita panjira ya madzi oyenda kuti kutentha kufalikire. M'thanki yaitali yopanda kayendedwe mbali ina imafunda ina ili zii. Koma madzi ogwedezeka kwambiri pamwamba amatayanso kutentha, ndiye m'miyezi imeneyi tsitsani mphuno ya kapampu pang'ono ndipo vindikirani thanki.

Okutobala ndi Novembala chitani zosiyana. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa: pa madigiri 25 lita imodzi imasunga mamiligalamu opitirira pang'ono 8, pa madigiri 30 imatsika kufika cha pa 7 ndi theka, ndipo kuno kumtunda imacheperako ndithu, pamene nsomba nazo zimapuma mofulumira kukatentha. Kwezani mphuno, tsegulani chivindikiro pang'ono, pamwamba pazivinavina.

Magetsi akathima, ngati muli ndi inveta kapena sola yaing'ono, choyamba kulumikiza ndi kapampu aka. Ka malita 8,000 sikadya mawati opitirira 25 ngakhale katatsegulidwa konse, ndipo pa liwiro lotsika ndi ochepa kwambiri, pamene hita ya mawati 300 imagwetsa batire posakhalitsa. Madzi ambiri chonchi amazizira pang'onopang'ono, makamaka mukafunditsa thanki bulangete, koma mpweya m'thanki yodzaza mbuna umatha m'maola ochepa. Magetsi akabwera pitani mukaone ndi maso kuti kadzuka ndiponso kuti kabwerera pa kayendedwe kamene munasankha. Kabokosi kake ndimakadutsitsa pa chotetezera chonga cha firiji, chija chimadikira kaye mphindi zingapo chisanalole magetsi kudutsa.

Kukachapa

Kapampu kamene kanatchunidwa bwino mu Janyuwale sikakankha chimodzimodzi mu Malichi, chifukwa ndere zimamera pakhola lake ndi patimapiko. Kamodzi pamwezi kazimitseni, kachotseni, tsegulani khola, sololani timapiko pamodzi ndi kamaginito kake, mutsuke ndi mswachi wakale. Sopo ayi, ngakhale pang'ono. Posintha madzi kumbukiraninso kukazimitsa madzi asanatsike kufika pamene kali, chifukwa kakazungulira pouma kamatentha n'kuwonongeka.

Madzi athu a m'mipope ochokera kuphiri ndi ofewa, pamene a m'nyanja ali ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndiye ambiri timaika zigoba za nkhono zophwanya kapena miyala ya laimu mufyuluta. Zimenezi zimasiya chikhungwa choyera cholimba pa kamtengo kapakati. Mswachi suchotsa. Nyikani zidutswazo mu vinega wosakaniza ndi madzi theka ndi theka kwa ola limodzi, mutsukuluze bwino, mubwezeretse. Samalani timphira ting'onoting'ono ta kumapeto kwa kamtengoko. Timagwera musinki mosavuta ndipo m'mashopu a m'tauni muno simutipeza.

Mukabwezeretsa, kadzakankha mwamphamvu kuposa dzulo. Tsitsani sitepe imodzi kwa tsiku loyamba. Kakayamba kugogoda, nthawi zambiri ndi kankhono kapena kamwala kolowa m'khola, kapena timapiko tosakhala bwino pa kamtengo. Kakamangolira ngati njuchi pagalasi, yang'anani ngati waya wakoka kapampu n'kukagundanitsa ndi galasi, kapena ngati kamphira ka pa maginito kasuntha.

Yanga pano ili chonchi: kapampu kakakulu kali kumanzere, masentimita 12 pansi pa madzi, pa sitepe yachitatu mwa zisanu ndi zitatu, pa kayendedwe kosinthasintha, kakang'ono kali kumanja kuseri kwa miyala, pa sitepe yoyamba. Paipi yoyamwa ili pansi kumanzere. Kamtanda kamodzi katsalabe papepala langa, pakona yakutsogolo kumanja, ndipo ndinakasiya dala. Zinyalala zonse zimene fyuluta yaphonya zimakasonkhana pamenepo, poonekera, ndipo Loweruka m'mawa ndimangolowetsa paipi n'kuzipopa m'mphindi ziwiri.